Chakumwa cha vwende ndi mandimu chikumasukuluka: ndikulakwitsa pati?

Funso: Zikomo. Dzuwa likafika poswa mtengo ana anga amalirira chozizira, ndiye ndinayamba kuwapangira chakumwa cha vwende ndi mandimu m'malo mowagulira za m'mabotolo. Ndimagaya vwende, n'kuthiramo madzi, shuga, mandimu, kenako ayisi. Koma chimatuluka chosukuluka. Pakangopita mphindi zingapo chimagawikana, pamwamba thovu lofiira, pansi madzi otuwa. Chikagona m'firiji, mawa lake chimawawa komanso chimamveka fungo la nkhaka. Ndikulakwitsa pati? Ndine mayi wa ana atatu.

Yankho: Mayi, zikomo kwambiri polemba. Mwadandaula zinthu zitatu, koma gwero lalikulu lili pa mawu anu aja akuti "n'kuthiramo madzi". Vwende ndi madzi kale. Pa magalamu 100 a mnofu wake wofiira, pafupifupi magalamu 92 ndi madzi, ndipo shuga ndi magalamu 6 okha. Pakamwa limamveka lotsekemera kwambiri chifukwa lilibe kuwawasa kolimbana ndi shugayo, osati chifukwa choti shuga wake ndi wochuluka. M'chipululu cha Kalahari anthu akhala akudalira mavwende akutchire ngati madzi akumwa nthawi ya chilala kuyambira kalekale. Ndiye mukatenga chipatso chotere n'kuthiramo madzi, kenako ayisi amene nawo asungunuka n'kukhala madzi, mwachisukulutsa kawiri. Mukamva kuti chazirala mumawonjezera shuga, ndipo chimene mumapatsa ana chimakhala madzi a shuga ofiirira.

Chakumwa cha mandimu okhaokha chimafunadi madzi ambiri, poti palibe angamwe madzi a ndimu osasakaniza. Koma kuno ntchito ya madziyo yagwiridwa kale ndi vwende. Mukagwira mfundo imeneyi, zotsalazo ndi kungolinganiza.

Tiyambire pa vwendelo, pakuti likakhala losakoma palibe matsenga amene angalikonze m'jagi. Vwende likathyoledwa lathyoledwa. Silipitiriza kupsa monga zimachitira nthochi. Mukalisunga sabata lingofewa, koma shuga sawonjezeka. Posankha litembenuzeni muone banga la pamene linagonera pansi m'munda. Likakhala lachikasu ndiye kuti linapsera pa chomera chake, likakhala loyera kapena lobiriwira linathyoledwa msanga. Nyamulani awiri ofanana kukula, mutenge lolemerapo. Zogogoda ndi chala zija ine sindizidalira kwenikweni. Amene agwira mavwende zaka zambiri amamvadi kusiyana kwa kalilidwe, koma enafe timangogogoda kuti ogulitsa atione ngati odziwa.

Musanalidule, litsukeni khungu ndi madzi oyera n'kulipukuta. Ndibwereranso pa chifukwa chake. Mukalidula, lawani kachidutswa musanagwire n'komwe chitini cha shuga, chifukwa kulawa kumeneko ndi kumene kukuuzeni kuchuluka kwa shuga wofunika, ndipo nthawi zina sangafunike ndi pang'ono pomwe. Pakati pa vwende ndiye potsekemera kwambiri, ndipo kutsekemerako kumanka kuchepa mukamayandikira khungu. Choncho musalikokote mpaka poyera. Siyani kamzere kofiirira kokula ngati chala, chifukwa mbali imeneyo ndiyo imabweretsa kukoma kwa zamasamba m'chakumwa.

Njere zakuda chotsani zimene mungathe ndi nsonga ya mpeni. Zotsala musazigaye nthawi yaitali, zingasweke n'kudzaza timadontho takuda ndi timchenga m'chakumwa. Mavwende opanda njere, amene njira yowapangira inachokera kwa wasayansi wa ku Japan Hitoshi Kihara cha m'ma 1939, amachepetsa ntchito imeneyi. Timakoko toyera tofewa timene mumatipeza m'kati mwake tilibe vuto. Koma musaganize kuti opanda njere ndiye okoma kuposa enawo nthawi zonse. Kupsa ndiye nkhani.

Pogaya, masekondi 15 kapena 20 akwana. Vwende ndi lofewa, silichedwa kusweka, ndipo mukamapitiriza kuzunguza bulenda mumangolowetsa mpweya umene ukhale thovu lija. Ngati mulibe bulenda musadandaule. Ikani zidutswa m'mbale yaikulu, zinyenyeni ndi foloko, kenako zitikiteni pa sefa ndi msana wa supuni. Zimatenga nthawi, koma madzi ake amatuluka opanda thovu, ndipo njere zimatsala zathunthu pa sefa.

Tsopano muyeso. Tiyerekeze kuti mwapeza lita imodzi ya madzi a vwende osefa. Pamafunika mnofu wopitirira pang'ono kilogalamu imodzi, kutanthauza vwende lathunthu la makilogalamu awiri ndi theka kapena kuzungulira pamenepo, poti khungu lokha limatenga gawo lalikulu la kulemera kwake. Pa lita imeneyo, madzi a mandimu akhale masupuni aakulu 6 mpaka 8, omwe ndi mamililita 90 mpaka 120. Ndikuwerenga masupuni osati mandimu mwadala: ndimu lina limatulutsa masupuni atatu, lina awiri sakwana n'komwe, ndiye mawu akuti "mandimu anayi" sakuuzani kanthu. Yambani ndi masupuni 6, takasani, lawani, muziwonjezera imodziimodzi. Pali malo amene mudzamve nokha kuti chakumwa chadzuka. Vwende limayamba kumveka kwambiri kuposa mmene linalili lokha, ndipo malovu amabwera m'kamwa. Imani pomwepo. Mukapitirira, ndimu limalanda bwalo ndipo vwende limangotsala mtundu.

Shuga musamuthire wouma m'chakumwa chozizira. Sasungunuka bwino, amakakhala pansi pa jagi, ndiye kapu yoyamba imakhala yowawasa, yomaliza yotsekemera moliritsa mano. Pangani manyuchi: theka la kapu ya shuga ndi theka la kapu ya madzi mu kapoto, pamoto wochepa, kutakasa mpaka madziwo ayere mbee, shuga osaonekanso. Safunika kubwata. Mukangophula, ponyanimo timizere tiwiri kapena titatu ta khungu la ndimu, lachikasu lokhalo, lopala mopyapyala kuti choyera cha pansi pake chisabwere nawo. Vundikirani mphindi 10, chotsani makunguwo, musiye manyuchi azizire ndithu. Apa mpamene anthu ambiri sadziwa: kuwawasa kwa ndimu kuli m'madzi ake, koma fungo lake lili m'mafuta a pakhungu. Tapindani kakhungu ka ndimu pafupi ndi kuwala, mudzaona timadontho tikuthovoka ngati nkhungu. Fungo limenelo ndilo limachititsa munthu kunena kuti chakumwachi n'cha mandimu enieni, ndipo mumalipeza osawonjezera kuwawasa. Pa lita yathu ija, masupuni aakulu awiri mpaka anayi a manyuchi amakwana, malinga ndi vwende lanu. Madzi a vwendewo musawaike pamoto ngakhale pang'ono. Akatenthedwa amasintha fungo, amamveka ngati dzungu lophika.

Kenako kamchere, kongotsina ndi zala ziwiri pa lita yonse. Sikuti chakumwa chimveke mchere ayi. Mchere wochepa chonchi umaphimba kuwawa ndipo umachititsa kuti kutsekemera kumveke kwambiri, motero mumapulumutsa supuni yathunthu ya manyuchi. Ngati mukukayika, gawani m'makapu awiri, ina muike mchere ina musaike, mulawe.

Kulawa komaliza kuchitike chakumwa chitazizira. Lilime silimva kutsekemera mofanana pa chofunda ndi pa chozizira kwambiri; chimene chinali bwinobwino chili chofunda chimamveka chozirala chikazizira. Njira yosavuta ndi kugoneka vwende m'firiji usiku, kuti muyambe ndi chipatso chozizira kale. Mukatero simufunanso ayisi wambiri.

Pa nkhani ya ayisiyo, malangizo anga ndi akuti mumupange kuchokera ku vwende lomwelo. Dulani gawo lina m'timabokosi tating'ono, chotsani njere, yalani pa thireyi tosakhudzana, ikani mufiriza maola anayi kapena usiku wonse. Tikauma mutha kutiika m'kathumba. Timeneti tikamasungunuka m'kapu timawonjezera vwende, osati madzi, ndipo ana amakonda kutitola ndi supuni pomaliza. Kapenanso thirani madzi a vwende osefa mu thireyi ya ayisi. Ngati mukugwiritsabe ntchito ayisi wamba, muziika m'makapu pa nthawi yomwera, osati m'jagi, ndipo zidutswa zikuluzikulu zimachedwa kusungunuka kusiyana ndi zophwanyaphwanya.

Za kugawikana zija zisakudetseni nkhawa, si kuonongeka. Madzi a vwende si chinthu chimodzi chosungunukirana. Ndi madzi okhala ndi tizidutswa ting'onoting'ono ta mnofu tikuyandama. Mpweya wa bulenda umamatirira ku tizidutswato n'kutikweza pamwamba, ndipo mpweya ukatha timatsika n'kukhala nsenga pansi. Kufiira kwa vwende kumachokera ku lycopene, yemweyo amene amafiiritsa tomato, ndipo sasungunuka m'madzi, amakhala m'tizidutswa tomweto. N'chifukwa chake gawo limodzi limakhala lofiira psuu, linalo lotuwa. N'chifukwa chakenso sindilimbikitsa kusefa ndi nsalu yothina kwambiri, poti mumataya mtundu pamodzi ndi kukoma. Sefa ya waya ya mabowo aang'ono ikwana. Dikirani mphindi zisanu, yengulani thovu ndi supuni, ndipo musiye supuni yaitali m'jagi kuti aliyense azitakasa asanathire.

Kuwawa kwa mawa lake ndiye kofunika kukhalapo pang'ono, chifukwa kumachokera mbali ziwiri.

Mbali yoyamba ndi ndimu. M'zipatso za banja la mandimu ndi malalanje muli chinthu chimene chipatso chikakhala chathunthu sichiwawa. Mukafinya, chinthucho chimakumana ndi asidi wa m'madzi ake, n'kuyamba kusanduka pang'onopang'ono kukhala limonin, amene ndi wowawa kwambiri. Zimenezi zimatenga maola, ndiye pofinya simumva kanthu, koma kukacha kuwawa kwafika. Makampani opanga juwisi wa malalanje amalimbana ndi vuto lomweli. Limonin amachuluka m'njere ndi m'timinyewa ta m'kati mwa chipatso, choncho zimene mumachita pofinya zili ndi ntchito. Ligudubuzeni ndimu patebulo ndi chikhatho kuti lifewe, liduleni, lifinyeni mofatsa, ndipo madzi akasiya kutuluka okha musalikakamize mpaka khungu kung'ambika. Sefani nthawi yomweyo kuti njere zisakhalitsemo. Ndipo chonde musaponye zidutswa za ndimu zokhala ndi khungu m'jagi yoti igone m'firiji. Zimakongoletsa, inde, koma choyera cha pansi pa khungu chimakhala chikutulutsa kuwawa usiku wonse. Ngati mukufuna kukongoletsa, ikani kagawo pa mlomo wa kapu pomwera. Kugayira ndimu lathunthu mu bulenda, kumene ena amachita, kumatheka pokhapokha ngati mumwa nthawi yomweyo.

Mbali yachiwiri ndi vwende. Mphuno yanu sinaname pa za nkhaka: vwende, nkhaka ndi dzungu ndi banja limodzi, ndipo zina mwa zinthu zimene zimapereka fungo n'zofanana. Fungo labwino la vwende longodulidwa kumene limapangika pa nthawi yodulayo, ndipo silikhalitsa. Mukagaya, zonse zimachitika mofulumira chifukwa mnofu wonse wasweka ndipo wasakanikirana ndi mpweya. Pakapita maola, fungo lokoma lija lauluka, latsala lazamasamba. Palibe chothira chimene chingaletse zimenezi. Kuzizira ndi kutseka bwino kumangochedwetsa.

Yankho lake ndi kusiya kupanga chakumwa cha mawa lero. Konzeranitu zigawo zake padera. Manyuchi amakhala m'botolo loyera lotseka m'firiji masabata awiri osavuta. Vwende lodula limasungika bwino lili zidutswa m'chotengera chotseka kwa masiku atatu kapena anayi, kusiyana ndi logaya, ndipo louma mufiriza limatha miyezi. Mandimu akhale athunthu mpaka nthawi yomwera. Ana akati ludzu, kugaya, kufinya ndi kusakaniza ndi ntchito ya mphindi zisanu. Chikatsala, musachigoneke m'jagi: thirani m'timakapu kapena mu thireyi ya ayisi chiume, mawa adzayamwe.

Pali kuwawa kumodzi kosiyana ndi kumeneku. Mukadula vwende n'kupeza kuti mnofu wake weniweniwo ukuwawa polawa koyamba, litayeni lonse. Sizichitika kawirikawiri, koma zomera za banja limeneli nthawi zina zimapanga mankhwala owawa otchedwa cucurbitacin amene amapweteka m'mimba, ndipo shuga angangobisa kuwawako osachotsa vutolo.

Ndibwerere ku kutsuka khungu kuja. Vwende limakulira pansi, limagwiridwa ndi manja ambiri, ndipo mpeni ukamalowa umatenga zili pakhungu n'kuzipaka pa mnofu. Zipatso zambiri zimatetezedwa ndi kuwawasa kwake, koma vwende ayi. Pa muyeso wa asidi wotchedwa pH, madzi a ndimu ali pakati pa 2 ndi 3, pamene vwende lili pamwamba pa 5, malo amene tizilombo monga Salmonella timaswana mosavuta kukatentha. Mandimu amene mwathira amachedwetsa tizilomboto, koma musawatenge ngati mankhwala ophera. Lamulo lodziwika pa zakudya zosachedwa kuonongeka ndi lakuti zisakhale panja pa firiji kupitirira maola awiri, ndipo kutentha kukapitirira madigiri 32, ola limodzi lokha. Masiku amene mukupangira chakumwachi ndi otentha chomwecho. Firiji ikhale pa madigiri 5 kapena kutsika. Mukaona tithovu tikukwera tokha, kapena chikunanda, kapena chikumveka kafungo ka mowa, chasasa, musalawitse mwana. Ayisi nayenso apangidwe ndi madzi oti mungamwe, chifukwa kuundana sikupha tizilombo. Jagi ikhale yagalasi, yapulasitiki ya zakudya kapena yachitsulo chosachita dzimbiri. Aluminiyamu amadyeka ndi asidi ndipo chakumwa chimatenga kukoma kwa chitsulo.

Mwati munayamba izi pothawa zakumwa za m'mabotolo, ndipo mwachita bwino, koma ndikuuzeni zoona pa za shuga. Lita ya madzi a vwende ili kale ndi shuga wokwana pafupifupi magalamu 60, omwe ndi masupuni aang'ono 15. Mukaphatikiza manyuchi, kapu ya mamililita 250 imafika pa magalamu 20 kapena kuzungulira pamenepo. Malangizo amene bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa mu 2015 amati shuga wothira pamodzi ndi wa mu juwisi wa zipatso asafike pa magawo 10 pa 100 a mphamvu zonse zimene munthu amapeza m'zakudya patsiku. Kwa wamkulu ndi pafupifupi magalamu 50, kwa mwana n'kucheperapo. Taonani kuti juwisi wofinya pakhomo amawerengedwa nawo, ngakhale chipatso chodya chathunthu sichiwerengedwa. Ndiye kapu imodzi kwa mwana ndi yabwino, koma jagi isalowe m'malo mwa madzi akumwa tsiku lonse. Ludzu lenileni liphedwe ndi madzi, ichi chikhale chosangalatsa pakamwa. Vwende likakhala lakupsa bwino, yesani osathira manyuchi n'komwe, mungochepetsa ndimu; ana ambiri sazindikira ngati chazizira mokwanira.

Simunanene misinkhu ya ana anu. Wosakwana chaka asapatsidwe juwisi, ndipo ngati mungaganize zoika uchi m'malo mwa shuga, uchi ndi woletsedwa kwa mwana wosakwana chaka. Kwa okulirapo, asidi wa ndimu amafewetsa chikuto cha mano, makamaka ngati mwana akungopsontha pang'onopang'ono masana onse. Amwe pa nthawi imodzi, atsukuluze m'kamwa ndi madzi, ndipo asatsuke mano nthawi yomweyo, papite kaye theka la ola. Mwana akamatsegula m'mimba, chakumwachi sichilowa m'malo mwa ORS, madzi aja obwezeretsa madzi ndi mchere m'thupi. Shuga wake ndi wochuluka, mchere wake ndi wochepa. Wodwala matenda a shuga kapena a impso pakhomopo afunse kaye adokotala kuchuluka kumene angamwe.

Mukazolowera muyeso woyambawu mutha kusinthasintha. Minti, kachitsamba ka masamba onunkhira, amagwirizana kwambiri ndi vwende, koma musamugaye: amadetsa chakumwa n'kuchiwawitsa. Ombani masamba angapo pakati pa zikhatho kuti fungo lituluke, ponyani m'kapu. Jinja alowe m'manyuchi ali pamoto, tizidutswa titatu topyapyala, n'kuchotsa pamodzi ndi makungu a ndimu aja. Ana ena samukonda, ndiye pangani botolo lake padera. Malaimu, timandimu tobiriwira tija, amalowa m'malo mwa mandimu pa muyeso womwewo, ndipo ine ndimaona kuti amaposa.

Malo amodzi okha amene ndimalola madzi ndi pamene mukufuna chothetheka. Pamenepo gwiritsani ntchito soda wakumwa wa m'botolo (osati soda wophikira) wopanda shuga, wozizira kwambiri, gawo limodzi pa magawo atatu a chakumwa, ndipo wonjezerani supuni imodzi ya ndimu ndi imodzi ya manyuchi pa lita kuti kukoma kusagwe. Sodayo athiridwe m'kapu pomaliza penipeni, mopendeketsa kapuyo ndi pang'onopang'ono, chifukwa tizidutswa ta vwende timachititsa thovu kukwera msanga mpaka kusefukira. Mukathira, takasani kamodzi kokha.